DZINA LA MBEWU ZANU NDI CHUMA CHANU

Phunziro la maina ndi zizindikiro za malonda

Mwezi uno tiphunzira za dzina limene limalembedwa pa thumba, pa belo kapena pa paketi ya mbewu zanu zikachoka m'manja mwanu. Nonse mukudziwa kuti pa msika matumba awiri a mpunga olemera chimodzimodzi sagulidwa pa mtengo umodzi. Wogula akamva kuti thumba ili ndi la Kilombero wa ku Karonga, amatulutsa ndalama zochulukirapo asanaulawe n'komwe mpungawo. Ndalama zapamwambazo walipirira dzina. Nanga dzinalo mwini wake ndani? Nanga ndalama zimene dzinalo likubweretsa zikulowa m'thumba mwa yani?

Mafunso awiri amenewa abweretsa milandu yaikulu m'maiko ambiri, ndipo kawirikawiri wotaya ndi mlimi chifukwa ndiye amamva nkhani pomalizira. Werengani phunziroli pamodzi ndi anzanu pa kalabu, ndipo mukatha muyankhe mafunso amene ali kumapeto.

MAINA ATATU AMENE ANTHU AMASOKONEZA

Loyamba ndi dzina la bizinesi. Ili ndi dzina limene munthu, gulu kapena kampani imadziwika nalo ku boma, ku banki ndi pa chikwangwani cha sitolo. Kuno kwathu Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa lamulo la makopaletivi m'chaka cha 1998, lamulo lolembetsera mabizinesi mu 2012, ndi lamulo la makampani mu 2013.

Lachiwiri ndi chizindikiro cha malonda, chimene pa Chingerezi amati trademark. Awa ndi mawu, malembo kapena chithunzi chimene chimauza wogula kuti katundu uyu wachokera kwa wakutiwakuti osati kwa wina. Nkhaniyi inayamba kale. Ku Britain kalembera wa zizindikiro anayamba pa 1 Januwale 1876, ndipo choyamba kulembedwa chinali chithunzi chofiira cha ngodya zitatu cha kampani yofulula mowa ya Bass.

Lachitatu ndi dzina la dera kapena la mtundu wa mbewu, monga mtedza wa Chalimbana, mpunga wa Faya, tiyi wa ku Thyolo ndi khofi wa ku Misuku. Maina otere sanapangidwe ndi munthu mmodzi. Anatchuka chifukwa cha nthaka, nyengo ndi thukuta la alimi ambiri pa zaka zambiri.

Gwirani mfundo iyi: kulembetsa dzina la bizinesi sikukupatsani umwini wa chizindikiro cha malonda. Awa ndi makaundula awiri osiyana. Gulu la alimi lingathe kukhala ndi chikalata cha bizinesi chimene chapachikidwa bwino pa khoma, koma wina n'kulembetsa dzina lomwelo ngati chizindikiro cha mpunga kapena khofi, kenako n'kulembera gululo kalata kuti lisiye kulisindikiza pa matumba ake.

MKANGANO WA KHOFI WA KU ETHIOPIA

Dziko la Ethiopia ndi kumene kunachokera khofi wa mtundu wa Arabica, womwenso alimi a ku Misuku, Phoka ndi mapiri a Viphya amalima. Ambiri mwa olima khofi kumeneko ndi alimi a minda ing'onoing'ono monga inu. Khofi wa m'madera atatu, Sidamo, Harar ndi Yirgacheffe, ndi wotchuka kwambiri kwa anthu okonda khofi ku Ulaya, ku America ndi ku Japan.

Cha m'ma 2005, kampani yaikulu ya ku America yogulitsa khofi yotchedwa Starbucks inkagulitsa khofi wina wa ku Sidamo pa mtengo wa madola 26 pa paundi imodzi. Pa nthawi yomweyo mlimi wa ku Ethiopia ankalandira pafupifupi dola imodzi pa paundi, ndipo ena osakwana n'komwe dolayo. N'zoona kuti pakati pa munda ndi sitolo pamalowa ndalama zonyamulira, zokazingira, zopakira ndi zolipira antchito. Koma boma la Ethiopia linaona kuti gawo lalikulu la mtengowo linkabwera chifukwa cha dzina, ndipo phindu la dzinalo linkathera kunja.

M'chaka cha 2005 boma la Ethiopia linapempha ofesi yolembetsa zizindikiro ku America kuti maina atatu aja alembedwe ngati zizindikiro za malonda za dziko la Ethiopia. Dzina la Yirgacheffe linalembedwa mu 2006. Koma pa dzina la Sidamo panapezeka chopinga. Kampani ya Starbucks inali itapempha kale mu 2004 kulembetsa dzina lakuti Shirkina Sun-Dried Sidamo. Mlendo anali atafika pa khomo la ofesi eni dzina asanafike.

Mu 2006 kampaniyo inabweza pempho lake. Koma chaka chomwecho bungwe la amalonda a khofi ku America, National Coffee Association, linalembera ofesi ija kutsutsa pempho la Ethiopia, ndipo ofesiyo inakana kulemba maina a Sidamo ndi Harar. Bungwe la Oxfam linanena poyera kuti kampani ya Starbucks ndiyo inali kumbuyo kwa kutsutsako, koma kampaniyo inakana zimenezo.

MFUNDO ZA MBALI ZIWIRIZI

Ndi bwino kuti mumvetse zimene mbali iliyonse inkanena, chifukwa mfundo zomwezi zimabweranso pa mkangano uliwonse wa dzina la mbewu.

Otsutsa ankati Sidamo ndi Harar ndi maina a malo ndiponso a mitundu ya khofi amene amalonda onse akhala akuwagwiritsa ntchito, choncho sangakhale a mwini mmodzi. Iwo ankati njira yoyenera ndi chizindikiro chotsimikizira, chimene chimangochitira umboni kuti katunduyu wachokeradi ku dera lakutilakuti, ndipo aliyense wokwaniritsa malamulo ake angachigwiritse ntchito.

A ku Ethiopia ankayankha ndi mfundo ziwiri. Yoyamba inali yakuti chizindikiro chotsimikizira chimafuna oyendera amene azitsata khofi kuchokera ku munda uliwonse kufikira pa doko. M'dziko la minda ing'onoing'ono yosawerengeka, ya m'mapiri mopanda misewu yabwino, ntchito imeneyo ingadye ndalama zoposa phindu lake. Yachiwiri inali yakuti chizindikiro chotsimikizira sichipatsa mwini wake mphamvu pokambirana za malonda. Koma amene ali ndi chizindikiro cha malonda ndiye amapereka chilolezo kwa ofuna kugwiritsa ntchito dzinalo, ndipo wogula aliyense ayenera kukhala naye pansi.

Mu Okutobala 2006 bungwe la Oxfam linayamba kumema anthu omwa khofi kuti adandaule kwa kampaniyo. Linawerengera kuti alimi a ku Ethiopia akanatha kupindula ndi madola 88 miliyoni pa chaka maina awo akanatetezedwa. Anthu oposa 90,000 anatumiza madandaulo awo. Mu Juni 2007 kampani ya Starbucks inasaina pangano ndi boma la Ethiopia lovomereza kuti maina atatu aja ndi a Ethiopia. Dzina la Sidamo linalembedwa ku America mu 2008.

Taonani chimene boma la Ethiopia linachita litapambana. Silinauze ogula kuti azilipira ndalama pogwiritsa ntchito mainawo. Linapereka zilolezo kwaulere, koma wolandira chilolezo anayenera kuvomereza kuti dzinalo mwini wake ndi Ethiopia, ndi kulilemba poyera pa mapaketi ake kuti litchuke. Maganizo ake anali akuti anthu ambiri akamafuna khofi wa Sidamo pomutchula dzina, amalonda sangathe kumusinthanitsa ndi khofi wina aliyense, ndipo ogulitsa a ku Ethiopia angathe kuumirira pa mtengo wabwino.

Komabe dziwani kuti chikalata pachokha sichikweza mtengo wa pa sikelo ya kumudzi. Kuti phindu la dzina lifike kwa mlimi, pafunika kopaletivi yoyenda bwino, yosunga mabuku moona, ndiponso khofi wothyoledwa atapsa, wotsukidwa bwino ndi woumitsidwa mosamala. Paja akuluakulu amati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo.

NKHANI YA TIYI WA ROOIBOS

Nkhani yachiwiri ndi ya ku South Africa. Ku mapiri a Cederberg, kumpoto kwa mzinda wa Cape Town, kumamera chitsamba chimene masamba ake amapangira tiyi wofiira. Dzina lake ndi rooibos, mawu a Chiafrikaans otanthauza chitsamba chofiira. Tiyi ameneyu salimidwa kwina kulikonse pa dziko lapansi koma m'chigawo chimenecho.

M'chaka cha 1994 kampani ina ya ku South Africa yotchedwa Forever Young inalembetsa mawu akuti rooibos ngati chizindikiro chake ku America. Nthawi imeneyo anthu a ku America sankamudziwa tiyiyu, choncho ofesi inangovomera. Mu 2001 chizindikirocho chinapita m'manja mwa kampani ya Burke International ya ku Texas, ndipo kampaniyi inayamba kulembera makalata ogulitsa tiyi ena kuwaletsa kutchula katundu wawo kuti rooibos. Zinali ngati munthu walembetsa mawu akuti mtedza, kenako n'kumaletsa inu nonse kutchula mtedza wanu kuti mtedza. Milandu inatenga zaka ndi ndalama zambiri, kufikira mu 2005 pamene kampaniyo inasiya chizindikirocho.

Vutoli linabweranso pamene kampani ina ya ku France inayesa kulembetsa dzina lomweli kwawoko. Apa alimi ndi boma la South Africa anaona kuti kuzimitsa moto tsiku ndi tsiku n'kotopetsa. Mu 2013 boma linaika dzinali pa mndandanda wa maina otetezedwa ndi lamulo la dzikolo, ndipo mu 2021 maiko a bungwe la European Union analilemba ngati dzina lotetezedwa la dera. Kuyambira pamenepo, tiyi wogulitsidwa m'maiko amenewo ndi dzina la rooibos ayenera kukhala wolimidwa m'dera lake lenileni.

Palinso china chofunika kwa inu. Mu 2019 amalonda a rooibos anasaina pangano ndi anthu a mitundu ya Khoi ndi San, amene makolo awo ndiwo anayamba kudziwa ntchito ya chitsambachi. Anagwirizana kuti anthuwa azilandira 1.5 pa 100 iliyonse ya mtengo umene mlimi amagulitsira tiyiyu.

Nkhani ziwirizi zikuoneka ngati zotsutsana. A ku Ethiopia ankamenyera kuti dzina likhale ndi mwini, pamene a ku South Africa ankamenyera kuti dzina lichoke m'manja mwa mwini mmodzi. Koma cholinga chinali chimodzi, chakuti dzina la mbewu lipindulire anthu amene amalima mbewuyo. Ndipo m'nkhani zonse ziwiri vuto linayamba chifukwa wina anafika msanga ku ofesi yolembetsera eni ake ali chikhalire.

LAMULO LA KUNO KWATHU

M'chaka cha 2018 dziko la Malawi linakhazikitsa lamulo latsopano la zizindikiro za malonda m'malo mwa lakale la 1957. Mfundo zimene mlimi ayenera kudziwa ndi izi:

1. Chizindikiro chikalembedwa chimatetezedwa kwa zaka khumi. Zakazo zikatha, mwini wake ayenera kuchilembetsanso.

2. Gulu monga kopaletivi lingathe kulembetsa chizindikiro cha onse pamodzi, chimene membala aliyense wotsata malamulo a gululo angachigwiritse ntchito. Lamuloli linatsegulanso njira yotetezera maina a madera kumene mbewu zimachokera.

3. Chizindikiro chimalembedwa pa gulu la katundu amene mwatchula. Pa dziko lonse katundu ndi ntchito zinagawidwa m'magulu 45. Khofi, tiyi ndi mpunga zili m'gulu 30, mbewu zosakonza ndi zobzala zili m'gulu 31, ndipo fodya ali m'gulu 34.

4. Chitetezo chimathera m'malire a dziko. Chizindikiro cholembedwa kuno sichikutetezani ku Zambia kapena ku Britain. Ofuna kugulitsa kunja angathe kudzera ku bungwe la ARIPO limene likulu lake lili ku Harare, kapena ku pangano la Madrid limene Malawi analowa mu Disembala 2018.

5. Mawu ongofotokoza katundu, monga akuti mpunga wonunkhira kapena mtedza waukulu, salembedwa ngati chizindikiro cha munthu mmodzi, chifukwa ogulitsa onse amawafuna.

Mfundo yachisanuyi ikukhudza mpunga wa Kilombero. Dzinali ndi la mtundu wa mpunga umene umalimidwa ku Karonga ndi m'madera ena a m'mbali mwa nyanja, ndipo wakhala ukugulitsidwa mpaka ku Scotland. Ku Tanzania kulinso mtsinje ndi chigwa cholimidwa mpunga chotchedwa Kilombero. Choncho gulu logulitsa mpunga umenewu lisadalire dzina la mtundu lokha. Liyenera kukhala ndi dzina lakelake ndi chithunzi chakechake pambali pa mawu akuti Kilombero, ndipo zimenezo ndizo lingathe kuziteteza.

MMENE MKANGANO WA DZINA UMAWERUZIDWIRA

Anthu awiri akamalimbirana chizindikiro, funso lalikulu limakhala ili: kodi wogula wamba angasokonezeke n'kugula katundu wa uyu poganiza kuti ndi wa uja?

Tiyerekeze kuti kalabu yanu yakhala ikugulitsa ufa wa soya m'mapaketi obiriwira okhala ndi chithunzi cha nkhanga. Wina wayamba kugulitsa ufa womwewo m'mapaketi obiriwira okhala ndi chithunzi cha nkhwali, ndi dzina losiyana ndi lanu pa lemba limodzi lokha. Woweruza adzayang'ana maonekedwe a mapaketi, kamvekedwe ka maina potchula, mtundu wa katundu, ndi anthu amene amagula. Adzakumbukira kuti ogula ambiri sawerenga malembo onse, amangoti, "Ndipatseni wa kambalame uja." Kusintha lemba limodzi sikumupulumutsa wokoperayo. Koma munthuyo akanaika chithunzi cha nkhwali pa makasu kapena pa njinga, mlandu wanu ukanakhala wofooka chifukwa katunduyo ndi wosiyana.

Funso lachiwiri ndi lakuti anayamba ndani. Amene analembetsa amangoonetsa chikalata chake. Amene sanalembetse angathe kudandaulabe kuti wina akugulitsa katundu podzionetsa ngati iye, koma ayenera kubweretsa umboni wakuti ogula amamudziwa ndi dzinalo, ndipo umboni wotere ndi wovuta kuusonkhanitsa. N'chifukwa chake malisiti akale, mapaketi akale ndi mabuku a misonkhano ya kalabu siziyenera kutayidwa.

NAMBALA YANU PA BELO

Mwina mukuti nkhani zonsezi ndi za makampani akuluakulu. Koma mlimi aliyense wolembetsedwa ali kale ndi chizindikiro chake, chimene ndi nambala yolembedwa pa chiphaso chake ndi pa tikiti ya belo lake. Ku okushoni ku Limbe, Kanengo, Chinkhoma ndi Mzuzu, wogula sakuonani nkhope. Amaona nambala ndi fodya amene ali m'belomo.

Mukabwereketsa nambala yanu kwa venda kapena kwa mbale amene sanalembetse, mwamubwereka dzina lanu. M'belo lake mukapezeka fodya wosakaniza magiredi, wonyowa, kapena zinyalala za pulasitiki, belolo lidzabwezedwa pa dzina lanu, ndipo mbiri yoipa idzatsata mabelo anu abwino. Pa kalabu n'chimodzimodzi, pakuti nsomba ikaola imodzi zonse zaola.

Inu amene mumalima pa maesiteti, amene anthu akukutchulanibe matenanti ngakhale kuti lamulo la ntchito linasinthidwa mu 2021 n'kuletsa utenanti, fodya amene mwalima amagulitsidwa pa dzina ndi nambala ya esiteti. Dzina lanu silifika ku okushoni. Choncho umboni wa ntchito yanu uyenera kukhala m'manja mwanu. Funani pangano lolembedwa nyengo isanayambe. Popereka fodya kwa kapitawo, onani sikelo ndi maso anu, ndipo mulembe m'kabuku kanu tsiku, makilogalamu ndi giredi. Esiteti ikatchuka ndi fodya wabwino, kabukuko ndiko kadzasonyeze amene anamulima.

Chenjeraninso pogula. Anthu osaona mtima amatenga chimanga wamba, kuchipaka utoto ndi kuchiika m'mapaketi okhala ndi dzina la kampani ya mbewu. Uku ndi kuba chizindikiro, koma wovutika kwambiri ndi mlimi amene amazindikira mbewu zitakana kumera, mvula yobzalira itapita. Gulani kwa ogulitsa ovomerezeka okha, ndipo musunge lisiti ndi paketi yake kufikira mutakolola.

ZOYENERA KUCHITA

1. Musanasindikize matumba kapena kulemba chikwangwani, funsani ku ofesi ya boma yolembetsa mabizinesi ndi zizindikiro ngati dzina limene mwasankha lilibe mwini.

2. Sankhani dzina lanulanu. Musatengere dzina, mtundu wa paketi kapena chithunzi cha amene anatchuka kale.

3. Lembetsani zonse ziwiri, dzina la bizinesi ndi chizindikiro cha malonda.

4. Chizindikiro cha gulu chilembedwe m'dzina la gulu, osati la wapampando kapena mlembi. Maudindo amasintha, ndipo munthu akachoka ndi dzina la gulu m'thumba mwake, kulibweza n'kovuta.

5. Wogula akafuna kuika dzina la gulu lanu kapena la dera lanu pa mapaketi ake, pakhale pangano lolembedwa lonena mwini dzina, nthawi ya chilolezo, ndi kuti asasakanize mbewu zanu ndi za kwina.

6. Mukalandira kalata yokuletsani kugwiritsa ntchito dzina, musaing'ambe ndipo musasaine chilichonse mwamantha. Pitani nayo kwa mlangizi wanu kuti akulozereni kwa odziwa malamulo.

MAFUNSO OKAMBIRANA PA KALABU

1. Kodi dzina la bizinesi limasiyana bwanji ndi chizindikiro cha malonda?

2. Chifukwa chiyani boma la Ethiopia linapereka zilolezo kwaulere litapambana pa mkangano uja?

3. Ndi mbewu iti ya m'dera lanu imene ogula amaifuna poitchula dzina? Amene amapindula ndi dzinalo pakali pano ndani?

4. Dzina la kalabu kapena kopaletivi yanu linalembedwa m'dzina la yani, ndipo chikalata chake akusunga ndani?

Funso lachinayi musalisiye kuti lidikire msonkhano wa chaka chamawa. Lifunseni pa msonkhano ukubwerawu, ndipo chikalatacho chionetsedwe pamaso pa mamembala onse msika usanatsegulidwe.